Zomwe Pepala Silinanene

Mnyamata wa taye yofiira wagwira chimkuzamawu,
akuwerenga mbiri ya mng'ono wanga
ngati akulengeza mitengo ya feteleza.
Akuti Dokotala Saujiya Mtalika
anayamba ndi choko ku Namwera,
kenaka magulu a banki mkhonde mazana atatu,
kenaka ofesi ku Lilongwe,
kenaka maiko achisanu
komwe anthu amakambirana za umphawi
atavala majekete, madzi a m'botolo ali patsogolo.
Holo yonse m'manja phuphuphu.
Ine ndili kumbuyo, pampando wapulasitiki wothyoka mwendo,
pomwe mphepo ya fani siyifika.

Pepalalo ndi loyera bwino, lilibe fumbi.
Silinanene za bambo uja anabwera kuchokera ku Joni
ndi bulangete la mizeremizere ndi wailesi ya makaseti awiri,
n'kuloza kamtsikana ka Sitandade seveni
ngati akusankha nkhuku pamsika.
Akuluakulu anagwedeza mitu.
Ine ndinali kale ndi mwana kumsana,
ndimadziwa kuti bulangete limatha msanga
kusiyana ndi usiku wake.

Silinanene za mbuzi ziwiri za mwamuna wanga
zomwe ndinagulitsa iye kulibe,
imodzi ili ndi bere,
kuti zisanduke fizi, yunifolomu ndi ndalama ya matola.
Atabwera anawerenga m'khola, kenaka anawerenga nthiti zanga.
Talaka ndinalandira mvula isanagwe.

Akuti anagwira ntchito mosatopa.
Bodza limenelo. Ankatopa.
Ndinamuona ine, miyendo itatupa ngati mibuyu,
njinga yamoto itamugwetsa mumchenga wa ku Makanjira,
bondo lili psuu, iye akufunsa ngati kaundula sananyowe.
Gulu lake loyamba linafa:
msungichuma anathawa ndi bokosi, makiyi atatu onse ali chikhalire,
amayi a ku Katuli anamutcha wakuba pamaso pa ana asukulu.
Analira pakhonde panga mpaka adhana ya m'mbandakucha,
ndipo kutacha anapempha sopo,
anachapa bulauzi yomweyo, n'kubwereranso komweko.

Mayi athu anamwalira Lachiwiri m'mawa.
Kwathu maliro sagonera.
Saujiya anali m'mwamba, pakati pa mitambo ya eni,
m'chikwama muli malipoti a amayi osauka a dziko lonse.
Anafika Lachisanu, dothi litauma kale.
Sindinamulankhule miyezi isanu.
Izinso pepala silikudziwa.

Tsopano waimirira, imvi zikusuzumira m'mphepete mwa mpango.
Akutchula manambala: atsikana angati abwerera m'kalasi,
mabanja angati akudya kawiri, angati akadali pa kamodzi.
Sindidziwa ngati umphawi umamva manambala.
Kwathu umabwerabe osagogoda,
umakhala pamphasa ngati mlamu.
Koma ndaona Abiti Jafali, uja ankapempha mchere,
akukana kugulitsa mpunga wake pamtengo wa mavenda,
manja m'chiuno, foni m'chitenje.
Ndaona mdzukulu wanga akuuza amalume ake kuti ayi,
liwu osanjenjemera.

Atatsika pansanja anthu amuunjirira,
makadi, zithunzi, ena akufuna ntchito.
Wandiona. Wakweza nsidze momwe ankachitira tili ana
tikaba malambe a eni.
Galimoto ikudikira, ndege ndi ya mawa.

Ine ndikwera kabaza, ndidutsa pa wotchi ya pamphambano,
ndiwoloka mlatho wa Shire madzi akupita kwawo osatifunsa.
Pepala la mwambo ndalipinda m'thumba.
Chaka chino ndayamba sukulu ya kwacha,
zilembo zimandithawabe ngati anapiye,
koma usiku uno, tochi ili kukamwa,
ndipeza kampata pamwamba pa mawu oti Namwera,
ndinyowetsa pensulo ndi lilime,
ndilemba pang'onopang'ono, ndi dzanja langali:
mbuzi ziwiri,
imodzi ya bere.